Lembani adiresi papepala musanayatse getiweyi ya matelefoni

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi eni maofesi, malo ogona alendo, zipatala zing'onozing'ono ndi mabungwe a alimi kuno ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka ku Moatize, komanso ndi achinyamata amene ayamba ntchito yolumikiza makompyuta. Ife ndife amisiri a matelefoni ndi manetiweki. Nkhani yathu ndi ya kabokosi kamene kamalumikiza mafoni ku netiweki ya makompyuta, kaja ogulitsa amakalemba kuti voice gateway, ife pantchito timangoti getiweyi. Madandaulo ake ndi amodzimodzi chaka ndi chaka: foni ikuitana koma mawu sakumveka, dzulo imagwira lero yangoti zii, magetsi akangothima n'kubweranso mafoni onse amafa. Mlandu umagwera kampani ya mafoni, kapena mvula, kapena wogulitsa kuti anabweretsa katundu wachinyengo. Koma mukafufuza bwino, nthawi zambiri vuto linabadwa tsiku loyamba lomwe, pamene woikayo anapatsa kabokosiko adiresi ya IP, nambala yodziwikira nayo pa netiweki, mosaganizira, kapena sanakapatse n'komwe, n'kusiyira rauta, kabokosi kolumikiza ofesi ku intaneti, kuti izisankha yokha.

Choyamba dziwani mtundu wa getiweyi imene muli nayo, chifukwa sizivutika mofanana adiresi ikasintha. Ina ili ndi mapoti olembedwa FXS. M'menemo mumalowetsa foni wamba ya padesiki, ndipo getiweyiyo ndi imene imaipatsa mphamvu ndi kuiliza. Ina ili ndi mapoti a FXO, olandira waya wa landilaini wochokera ku kampani. Yachitatu imalowetsedwa makadi a SIM a Vodacom, Movitel kapena Tmcel, ndipo imathandiza kwambiri kumadera kumene waya wa landilaini sanafike. Ya FXS imapita yokha kukalembetsa ku PBX, makina aja ogawa mafoni mu ofesi, ndipo adiresi yake ikasintha imakalembetsanso yokha. Ya FXO ndi ya SIM kawirikawiri zimaikidwa mwa njira ina: PBX imauzidwa kuti mafoni onse opita kunja iziwaponya ku adiresi yakutiyakuti. Adiresiyo ikasuntha, PBX imangogogodabe pakhomo pamene mwini wake anasamuka kalekale. M'kati mwa ofesi anthu amaimbirana bwinobwino, koma kunja sikutuluka foni ngakhale imodzi. Tinenenso pomwepa kuti waya wa landilaini wamoyo sulowa mu poti ya FXS. Mbali zonse ziwiri zimatulutsa magetsi, ndipo potiyo ikhoza kupsa.

Manambala amene getiweyi imafuna ndi anayi: adiresi yakeyake ya IP, masiki, adiresi ya rauta, ndi ya DNS, seva yosandutsa maina a pa intaneti kukhala manambala. Apa pali msampha wa dzina umene wagwetsa ophunzira ambiri. Pa tsamba losinthira zinthu mupeza mzere wolembedwa Default Gateway, kapena Gateway predefinido ngati tsambalo lili m'Chipwitikizi. Munthu amati, poti kabokosi kangaka ndi getiweyi, ndilembepo adiresi yake yomwe. Ayi ndithu. Mzere umenewo ukufunsa khomo lotulukira kunja, ndiye kuti rauta. Mukalembapo adiresi ya kabokosiko mwakauza kuti njira ya ku intaneti ndi iko komwe, ndipo sikadzafika kulikonse kupitirira switchi ya mu ofesi, kabokosi kokumanirapo makebulo onse a netiweki.

Atatu mwa manambala anayiwa sapekedwa, amakafunsidwa ku netiweki imene ilipo kale. Safunsa anadya phula. Lumikizani laputopu ndi kebulo pa switchi yomwe getiweyi idzakhalepo, zimitsani Wi-Fi, tsegulani cmd, zenera la Windows lolembamo malamulo, n'kulemba ipconfig /all. Tiyerekeze kuti ofesi ili ndi rauta ya Huawei yolowetsa SIM, imene kawirikawiri imabwera ndi adiresi 192.168.8.1. Laputopu ionetsa nambala ngati 192.168.8.104, masiki 255.255.255.0, rauta 192.168.8.1, ndipo DNS nthawi zambiri ikhala rauta yomweyo. Masiki imeneyi ikutanthauza kuti zigawo zitatu zoyambirira, 192.168.8, ndi dzina la mudzi, pamene chigawo chomaliza ndi nambala ya nyumba. Nyumba zilipo 254, kuyambira 1 mpaka 254, chifukwa 0 ndi 255 sizipatsidwa chipangizo. Marauta ena amabwera ndi midzi ina: a TP-Link ambiri ali pa 192.168.0.1, a MikroTik pa 192.168.88.1, a Starlink pa 192.168.1.1. N'chifukwa chake adiresi yokopera pa vidiyo ya munthu wakutali sigwira kwanu. Iyeyo anali m'mudzi wina.

Chanu chosankha ndi nambala ya nyumba yokha, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Rauta ili ndi ntchito yotchedwa DHCP, yobwereketsa maadiresi kwa chipangizo chilichonse chimene chafika: foni ya m'manja ya mlendo, laputopu ya akalaliki, TV ya polandirira alendo. Imabwereketsa kuchokera pa mndandanda umene inapatsidwa, mwachitsanzo kuyambira 100 mpaka 200. Lowani mu rautayo muone ndi maso anu poyambira ndi pothera pa mndandandawo, musangoganizira. Adiresi yokhazikika ya getiweyi iyenera kukhala kunja kwake. Ngati ukuyambira pa 100, PBX ipatseni 192.168.8.10, getiweyi 192.168.8.20, yachiwiri ikabwera itenge 21, pulinta 30. Pali marauta obwereketsa pafupifupi mudzi wonse. MikroTik yongotuluka m'katoni imayambira pa 10 mpaka 254, ndipo ena amayambira pa 2. Zikatero yambani mwachepetsa mndandandawo kuti uyambire pa 100, kenako zimitsani ndi kuyatsanso zipangizo zimene zinabwereka kale manambala apansi, chifukwa zimawagwirabe mpaka nthawi yobwerekayo itatha.

Ena amangoyesa ping, lamulo la mu cmd logogoda pa adiresi kuti aone ngati pali woyankha, pa nambala imene aikonda, ikapanda kuyankha amati ilibe mwini. Kuyesako n'kwabwino koma sikokwanira. Pulinta yozimitsa siyankha. Kompyuta ya Windows nthawi zambiri imakana kuyankha ping ngakhale ili yoyaka. Mwini nambalayo akhoza kukhala kuti wapita kukagula mbatatesi ku Lizulu foni ili m'thumba, abwera madzulo. Mukatha ping lembani arp -a. Ngati nambalayo yaoneka pamndandanda pamodzi ndi adiresi ya MAC, nambala ya ku fakitale ya chipangizo chilichonse, ilipo nyumba yokhalamo munthu, kungoti watseka chitseko.

Wina afunsa kuti bwanji osangosiya pa DHCP, poti tsiku loika zonse zimagwira? Yankho lili pa magetsi. Ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwe chino, magetsi amathima ndithu, makamaka nyengo ya mvula ndi mphezi, ndipo nthawi zina ndi mayunitsi a Credelec amene atha usiku popanda woona. Magetsi akabwera zipangizo zonse zimadzuka pamodzi, koma liwiro lake si limodzi. Getiweyi yaing'ono imadzuka msanga n'kupempha adiresi rauta isanathe kudzuka. Ina imadikira n'kupemphanso, ina imakhala kaye ndi 0.0.0.0, ina imadzipatsa yokha adiresi yoyamba ndi 169.254, imene siifikitsa kulikonse. Ndiye marauta ambiri otsika mtengo akadzuka amakhala ataiwala kuti nambala iti anabwereketsa kwa yani, amagawa mwatsopano motsata amene wayamba kupempha. Getiweyi imene dzulo inali 104 lero ndi 101, ndipo 104 yapita ku foni ya mlonda. PBX ikutumiza mafoni a ofesi ku chipangizo chosadziwa chochita nawo.

Tibwere pa kalowedwe m'kabokosi katsopano. Timabokosi ting'onoting'ono ta FXS tili ndi ubwino wakuti timalankhula. Lowetsani foni wamba pa poti yoyamba, kebulo ya netiweki pa poti yake, yatsani, dikirani nyali zikhazikike. Pa Grandstream HT801 kapena HT802 nyamulani foni, dinani kanyenyezi katatu, kenako 02, ndipo mawu akuwerengerani adiresi imene kali nayo. Pa Cisco SPA112 kanyenyezi mudina kanayi, kenako 110 ndi hashi. Mawuwo amawerenga m'Chingerezi, ndipo kwa amene anaphunzira manambala m'Chipwitikizi ndi bwino kukhala ndi cholembera pafupi n'kumvetsera kawiri. Adiresi imeneyo ilembeni mu Chrome kapena Firefox, tsamba la kabokosiko litseguka, sankhani adiresi yokhazikika, lembani manambala anayi aja, sungani, kenako kayatseninso.

Grandstream ikhoza kuikidwa ndi foni yokha popanda kompyuta. Pa 01 mumamva ngati ili pa DHCP kapena pa adiresi yokhazikika, ndipo 9 ndi amene amasintha. Pa 02 mumadina adiresi yatsopano, pa 03 masiki, pa 04 rauta, pa 05 DNS. Chovuta n'chakuti imafuna manambala 12 osadumpha, chigawo chilichonse chikhale ndi atatu. Choncho 192.168.8.20 imadinidwa 192168008020. Maziro owonjezerawo ndi a pafoni pokha. Mukawatengera pa kompyuta n'kulemba 020 mu ping, Windows imawerenga ngati 16, ndipo mudzataya ola lathunthu mukuyesa nyumba ya eni.

Magetiweyi ambiri a SIM sabwera pa DHCP, amabwera ndi adiresi ya ku fakitale. A Yeastar a mtundu wa TG amabwera pa 192.168.5.150. Mukangowalowetsa pa switchi ya ofesi ya 192.168.8 simuwaona, ngakhale nyali zonse zikuyaka, chifukwa muli m'midzi yosiyana. Njira yake ndi kusamutsa laputopu kwa kanthawi. Lumikizani kebulo kuchoka pa laputopu kupita ku getiweyi mwachindunji, lembani ncpa.cpl mu cmd, tsegulani Ethernet, pa IPv4 ikani 192.168.5.10 ndi masiki 255.255.255.0, mzere wa rauta usiyeni wopanda kanthu. Tsopano tsamba litseguka. Mukalemba adiresi yatsopano n'kusunga, tsambalo lizimirira. Musadzidzimuke, ndipo musathamangire kabatani ka riseti. Kabokosiko kasamuka basi, inu ndi amene mwatsala kumudzi wakale. Bwezerani laputopu kuti izilandira adiresi yokha, lowetsani zonse pa switchi, mukapeze getiweyi pa 192.168.8.20. Ambiri amaiwala kubwezera laputopuyo, mawa lake mwini wake n'kumadandaula kuti intaneti yafa pa kompyuta yake yokha. Dziwaninso kuti PBX ya Yeastar ya mtundu wa S imabwera ndi adiresi yomweyo ya 192.168.5.150. Mukagula ziwirizi pamodzi, yatsani chimodzi, chisamutseni, ndiye muyatse chinzake.

Pali timabokosi tina tokhala ndi mapoti awiri a netiweki, WAN yoyang'ana kunja ndi LAN yoyang'ana m'kati, monga Grandstream HT812 ndi Cisco SPA122. Timeneti tili ndi rauta yaing'ono m'kati. Yopita ku switchi ya ofesi ndi WAN. Poti ya LAN imabwereketsa maadiresi akeake, 192.168.2 pa Grandstream ndi 192.168.15 pa Cisco. Mukailowetsa pa switchi mwaika obwereketsa awiri m'mudzi umodzi. Makompyuta ena alandira kwa rauta yeniyeni, ena kwa kabokosiko, ndipo olandira kwa kabokosiko intaneti imawathawa. Vutoli limazunguza chifukwa silionekera pa matelefoni, limaonekera pa makompyuta a anthu amene sanagwire n'komwe kabokosiko, mwina patapita tsiku lathunthu. Mukaona laputopu yalandira adiresi ya mudzi umene simuudziwa, tsatani makebulo. Poti ya LAN ntchito yake yabwino ndi kulowerapo ndi laputopu poika, popeza ena mwa magetiweyi oterewa amatseka tsamba lawo ku mbali ya WAN mpaka mutalitsegula nokha.

M'maofesi akuluakulu mumapezeka magetiweyi a Cisco a mtundu wa VG, monga VG204 kapena VG224. Amenewa amabwera opanda adiresi iliyonse, ndipo polowera pake ndi poti ya console, yolumikizirapo kompyuta mwachindunji popanda netiweki. Mufunika kebulo ya console, chosinthira cha USB ngati laputopu ilibe poti ya serial, ndi pulogalamu ngati PuTTY yoikidwa pa liwiro la 9600, data bits 8, parity palibe, stop bit 1, flow control palibe. Mukaona zilembo zosamveka zikungothamanga, liwiro ndi limene lalakwika. Mukafunsidwa ngati mukufuna kuyenda ndi mafunso oyambira, kanani, mulembe nokha motere:

enable
configure terminal
interface FastEthernet0/0
ip address 192.168.8.20 255.255.255.0
no shutdown
exit
ip route 0.0.0.0 0.0.0.0 192.168.8.1
end
copy running-config startup-config

Mizere iwiri ndi imene imaiwalika. Popanda no shutdown poti imakhalabe yotseka ngakhale ili ndi adiresi, ndipo show ip interface brief ionetsa administratively down. Popanda mzere womalizawo zonse zili m'mutu mwa makinawo basi, sizinalembedwe. Getiweyi igwira bwino sabata imodzi kapena mwezi, magetsi akadzangothima idzadzuka ili mbuu ngati yatsopano. Pa mitundu yatsopano ngati VG310 dzina la poti ndi GigabitEthernet0/0, zina zonse n'chimodzimodzi.

Mukamaliza kuika, yesani motsatana kuchokera pafupi kupita kutali, chifukwa pamene pakanikira ndi pamene pakuuzani nambala yolakwika. Yambani ndi nyali ya pa poti. Ngati siyaka, vuto si adiresi, ndi kebulo, pulagi yophanidwa molakwika, kapena kutalika kopitirira mamita 100 amene kebulo ya Cat5e imakwanitsa. Kenako ping kuchoka pa laputopu kupita ku getiweyi. Ikakana, mwina mudzi walakwika, mwina masiki. Ikayankha, yesani kuchokera mu getiweyi momwe, ngati ili ndi poyesera: rauta kaye, kenako 8.8.8.8, imene ndi DNS ya Google pa intaneti, kenako dzina la seva ya kampani yopereka mafoni a pa intaneti. Rauta ikayankha koma 8.8.8.8 n'kukana, pamene makompyuta ena ali pa intaneti, mzere wa rauta uja walakwika. Nambala ikayankha koma dzina n'kukana, ndi DNS. Pa adiresi yokhazikika DNS sibwera yokha, ndipo aliyense woisiya yopanda kanthu adzaona kabokosi kakulephera kulembetsa pamene zonse zikuoneka zabwino. Ikani rauta yanu poyamba, 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 pachiwiri. DNS ikasowa nthawi nayonso imasokonekera, chifukwa kabokosi kamafunsa nthawi ku seva imene kamaipeza ndi dzina. Sankhani GMT+2. Nthawi yolakwika imasokoneza mndandanda wa mafoni oimbidwa, ndipo pa SIP yotetezedwa ya pa poti 5061 (SIP ndi chilankhulo chimene makinawa amaitanirana nacho mafoni, ndipo poti apa ndi nambala chabe, osati polowetsa kebulo) ikhoza kukanitsa kulembetsa kumene.

Kuyesa komaliza ambiri amakudumpha: thimitsani magetsi a zonse, rauta, switchi, PBX ndi getiweyi, muyatse nthawi imodzi, dikirani mphindi zisanu, imbani foni yopita kunja ndi yobwera. Ntchito yosayesedwa chonchi sinathe.

Vuto lowawa kuposa onse ndi la zipangizo ziwiri zokhala ndi adiresi imodzi, chifukwa silipha mafoni kotheratu. M'mawa akugwira, masana akudukaduka, mawu akutha pakati pa nkhani, madzulo ali bwino. Chimene chikuchitika n'chakuti PBX ikafunsa kuti mwini 192.168.8.20 ndani, awiri akuyankha, ndipo imakhulupirira amene wayankha pomaliza. Kuti mugwire vutoli, zulani kebulo ya getiweyi, yesani ping pa adiresi yake. Ikayankhabe, pali wina m'nyumbamo. Lembani arp -a, yerekezani MAC imene yaoneka ndi ya pa sitika ya pansi pa getiweyi, ya zilembo ndi manambala 12. Zilembo zisanu ndi chimodzi zoyambirira zimasonyeza kampani yopanga chipangizocho, ndipo zimathandiza kudziwa ngati wolowerayo ndi kamera, pulinta kapena china. Makamera ndi amene amakonda kuchita zimenezi, poti amabwera kudzaikidwa ndi mmisiri wina amene sanauzidwe kuti manambala ena ali ndi eni.

Pali njira yachiwiri yokhazikitsira adiresi, youza rauta kuti MAC yakuti izilandira nambala yomweyomweyo nthawi zonse. Njirayi ndi yabwino pa timabokosi ta FXS tambirimbiri, chifukwa zonse mumaziona pamalo amodzi. Koma pa getiweyi yonyamula mafoni opita kunja, ife timakonda adiresi yolembedwa m'kabokosi momwe. Rauta ya mu ofesi yaing'ono imagwidwa ndi manja ambiri. Wina akaiwala pasiwedi ya Wi-Fi amadina riseti, mndandanda wonse wa ma MAC n'kufufutika. Adiresi ya m'kabokosi sidikiranso rauta kuti idzuke.

Adiresi yokhazikika nayo ili ndi pofooka pake, ndipo sitibisa. Ofesi ikasintha kampani ya intaneti, mudzi umasintha. Chiyambireni Starlink kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, maofesi ena achotsa rauta ya 192.168.8.1 n'kuika ya 192.168.1.1. Mafoni a m'manja ndi malaputopu amasamuka okha, koma PBX ndi getiweyi zimatsala kumudzi wakale zikuyang'ana khomo limene kulibenso. Mankhwala ake ndi kukhala ndi rauta yanuyanu pakati, imene mudzi wake susintha, ndipo ya kampani izingolowa ku WAN yake. Onetsetsani kuti midzi ya mbali ziwirizo ndi yosiyana, chifukwa rauta yokhala ndi 192.168.1 kutsogolo ndi kumbuyo komwe sidziwa kotumiza. Pewaninso mudzi wa 192.168.100 ngati muli ndi Starlink, popeza mbale yake ili pa 192.168.100.1.

Amene ali ndi nthambi ziwiri, ina ku Ulongwe ina mumzinda wa Tete, aganizire zimenezi asanaike chilichonse. Nthambi iliyonse ikhale ndi mudzi wake, mwachitsanzo 192.168.10 kumtunda kuno ndi 192.168.20 ku Tete. Zonse zikakhala 192.168.8, tsiku lozilumikiza pa VPN, njira yotetezedwa yolumikizira maofesi awiri kudzera pa intaneti, mudzayenda pa chipangizo chilichonse kusintha adiresi. VPN tikuitchula chifukwa intaneti ya SIM ndi ya Starlink wamba kawirikawiri sipereka adiresi yanuyanu yoonekera kunja. Onani WAN ya rauta: ikayamba ndi 10, kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, mukugawana adiresi yakunja ndi anthu ena ambiri, ndipo kutsegula mapoti pa rauta yanu sikuthandiza kanthu. Apa ndi pamene pamachokera vuto lija lakuti mbali imodzi ikumva, inayo ayi. Kuitana kumayenda pa SIP, poti 5060, koma mawu amayenda pa mapoti ena, pa PBX ya Asterisk kuyambira 10000 mpaka 20000, ndipo getiweyi ikauza mnzake wakunja kuti mawu atumize ku 192.168.8.20, adiresi imene kunja kulibe, mawuwo amatayika panjira. Marauta ambiri ali ndi chinthu chotchedwa SIP ALG chofuna kukonza zimenezi, koma nthawi zambiri chimawononga, ndipo kuchizimitsa ndi koyamba kuyesa.

Amene ali ndi adiresi yoonekera kunja asatsegulire dziko lonse poti 5060, ngakhale tsamba la getiweyi. Pa intaneti pali makina osagona, ongoyendayenda kufunafuna ma PBX otseguka, ndipo akalowa amaimba mafoni akunja usiku wonse pa ngongole yanu. Pasiwedi ya ku fakitale isinthidwe pa ulendo womwewo woika adiresi, osati mawa.

Kwa anzathu a m'malire, ku Calómuè, Biri-Biri ndi Zóbuè, tiwonjezere chimodzi chosakhudza adiresi koma chofanana nayo maonekedwe. Getiweyi ya SIM ikasiyidwa kuti izisankha yokha netiweki, ikhoza kugwira nsanja ya ku Malawi, ya TNM kapena Airtel, ya kwathu ikafooka. Mafoni amayamba kukana kapena mayunitsi kutha modabwitsa, ndipo munthu amakasokoneza maadiresi amene anali bwinobwino. Ikhomereni pa netiweki ya kampani ya SIM yanu. Ndipo kabokosika n'ka mafoni a ofesi yanu. Kukagwiritsa ntchito polowetsa mafoni ochokera kunja kwa dziko kuti azioneka ngati a m'dziko muno ndi chinyengo chimene makampani amatsekera ma SIM, ndipo chikhoza kukufikitsani pamaso pa INCM, bungwe la boma loyang'anira za matelefoni.

Mumzinda wa Tete kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo kabokosi kotsekeredwa m'kabati kapena kudenga la malata kamazima n'kudzuka kokha. Kakakhala pa DHCP, kudzuka kulikonse ndi mwayi wosintha adiresi. Kaikeni popita mphepo, ndipo UPS imodzi, batire yogwiriziza magetsi akathima, inyamule rauta, switchi, PBX ndi getiweyi pamodzi, chifukwa kupulumutsa chimodzi zinzake zitazima n'kopanda phindu. Chaja ya kabokosi kena musaibwereke musanawerenge mavoti ake: tina timadya 5, tina 12.

Tsopano kwa inu eni maofesi. Mmisiri asanalandire malipiro omaliza, akusiyireni pepala limodzi lolembedwa dzina la chipangizo chilichonse, adiresi yake, MAC yake, masiki, adiresi ya rauta, DNS, poyambira ndi pothera pa mndandanda wa DHCP, ndi tsiku loika. Mapasiwedi akhale pa pepala lina, mu envulopu yosungidwa ndi abwana. Adiresi ilembedwenso pa sitika yomata pa kabokosi penipenipo, ndipo fayilo ya zonse zimene zaikidwa m'katimo ikopedwe pa fulashi. Wobwera kudzaika makamera kapena pulinta aonetsedwe pepalalo asanagwire kebulo, ndipo awonjezerepo zake. Ngati pepala mulibe kale, musayambe ndi riseti. Funsani kabokosiko pa foni, kapena fufuzani MAC yake mu rauta ndi mu arp -a, kapena lowani pa console. Riseti imafufuta adiresi pamodzi ndi maakaunti a SIP, mapasiwedi awo ndi njira zonse zotulutsira mafoni, ndipo zina mwa zimenezi mudzayenera kukazipemphanso ku kampani, ofesi ili chete kudikira.

Ife anu,
Amisiri a matelefoni ndi manetiweki
Ulongwe, Angónia